Mapu a woyendetsa ndege: ayeseni pa Ndola musanalipire

Munthu wogula foni pa Chisokone amayamba waiyatsa ndi kuimbira mnzake, ndalama n'kutulutsa pambuyo. Mapu a ndege nawonso agulidwe choncho. Malangizo awa ndi a inu a ku Kitwe ndi Ndola amene mukuphunzira kuyendetsa ndege, kapena amene kuntchito akufunsani maganizo pa mapu oti kampani igule.

Ogulitsa odziwika alipo atatu: Jeppesen, yomwe Elrey Jeppesen anaiyambitsa mu 1934, Lido ya Lufthansa Systems, ndi NAVBLUE ya Airbus. Onsewa amatunga pachitsime chimodzi, buku la AIP lomwe dziko lililonse limatulutsa lofotokoza mabwalo ake ndi njira zake za mumlengalenga. Choncho poyamba pezani AIP ya Zambia, ikhale muyeso wanu. Ogulitsawa amasiyana pa kajambulidwe ndiponso changu chokonza zikasintha.

Kachiwiri, apempheni onse atatu mapu a bwalo limodzi, ndipo likhale la kwanu kuno, Simon Mwansa Kapwepwe. Mapu a London kapena Johannesburg aliyense amawasamalira chifukwa makasitomala ndi ambiri. Luso lenileni limaoneka pa bwalo ngati la Ndola. Bwalo latsopanoli linatsegulidwa mu 2021, lakale lija n'kupita m'manja mwa asilikali. Mu Epulo chaka chomwecho, ndege yonyamula katundu yochokera ku Ethiopia inatera pa bwalo latsopanoli lisanathe kumangidwa, m'malo mwa lakale. Mabwalo awiri oyandikana amasokoneza ngakhale katswiri. Onani ngati mapuwo akuonetsa onse awiri mosabisa. Funsaninso za Southdowns, Solwezi ndi Mfuwe, chifukwa mabwalo ang'onoang'ono ndi amene angasoweke pa mndandanda umene mwalipirira.

Kachitatu, yang'anani tsiku. Zosintha zikuluzikulu zimayamba kugwira ntchito pa masiku oikika a AIRAC, masiku 28 alionse, dziko lonse lapansi. Zadzidzidzi, monga kutsekedwa kwa msewu woterapo ndege, zimabwera pa NOTAM, ndipo palibe mapu amene amakuchotserani udindo woziwerenga. Mapu akale amene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp ndi ophunzirira kunyumba basi.

Gawo lachinayi ndiye lofuna kudekha. Ikani mapu atatuwo pamodzi, mudziyese: kodi msinkhu wotsikitsitsa umene mungafike musanaone bwalo mwaupeza msanga pa mapu ati? Nanga njira yokwerera ngati kutera kwakanika? Jeppesen imagwiritsa ntchito manambala: 10-9 ndi chithunzi cha bwalo, 11-1 ndi njira yoterera ya ILS. Lido imakonda zilembo, monga AGC ya pansi pabwalo ndi IAC yoterera. Wozolowera mbali imodzi amachedwa akapatsidwa inayo, ndipo m'nyengo ya dzinja, mvula ya Kopala itatseka bwalo, kachedwedwe kameneko n'koopsa. Dzina la bwalo pamwamba pa tsamba likhalenso lowerengeka bwino usiku. Ndege ya Dag Hammarskjöld itagwa pafupi ndi Ndola mu Seputembala 1961, ofufuza ena anafunsapo ngati oyendetsa sanasokoneze mapu a Ndola ndi a Ndolo, bwalo la ku Kinshasa. Chimene chinagwetsa ndegeyo anthu akutsutsanabe mpaka lero, koma kusiyana kwa mabwalo awiriwa n'kwakukulu: Ndola ili pamtunda wopitirira mafiti 4,000, pomwe Ndolo siifika n'komwe 1,000.

Kachisanu, chipangizo. Masiku ano mapu ambiri amakhala pa tabuleti: FliteDeck Pro ya Jeppesen, mPilot ya Lido, Charts+ ya NAVBLUE. Zimitsani intaneti muone ngati masamba onse akutseguka. Kampani singangoyamba kuulutsa ndege ndi tabuleti popanda chilolezo cha Civil Aviation Authority, ndiye ija yotchipa yomwe mwaiona pamsika isiyireni ana.

Mtengo ubwere pomaliza, ndipo pouwerengera muphatikize ndalama zophunzitsira oyendetsa onse kawerengedwe katsopano. Ngati mapu amene muli nawo akugwirizana ndi AIP, akufika pa nthawi yake, ndipo mabwalo anu onse alimo, musasinthe chifukwa chongoti ena atsitsa mtengo.