Dzina Lobisalira: Kodi Limakweza Mlembi Kapena Limamukwirira?

Aliyense amene anakulira ku Nambuma, kwa Kabudula kapena ku Nsaru amadziwa kuti munthu sakhala ndi dzina limodzi. Pali dzina la paubwana, pali la kuchinamwali, pali la ubatizo, kuonjezera lija limene anzake amamutchula pabwalo la mpira. Tsono si zachilendo kuona mnyamata akulemba ndakatulo yake yoyamba n'kuika pansi pake dzina loti ngakhale mayi ake omubereka sangalizindikire. Funso lathu m'phunziro lino ndi ili: kodi dzina lobisalira limathandiza mlembi kupita patsogolo, kapena limamubweza m'mbuyo?

Tiyambe ndi munthu amene tonsefe timamudziwa. M'chaka cha 1960, magazini ya Znak ya mumzinda wa Kraków ku Poland inasindikiza sewero lonena za chikondi ndi ukwati, limene pa Chingerezi limatchedwa The Jeweller's Shop. Pansi pake panalembedwa kuti Andrzej Jawień. Koma Jawień ameneyu anali Karol Wojtyła, episkopi wothandizira wa mumzindamo. Ubwino wa dzina lobisaliralo ndi wosavuta kuuona: owerenga analiweruza sewerolo monga sewero, osati monga ulaliki wa Ambuye Episkopi. Komabe kwa zaka 18 linangokhala phee, odziwa za ilo kunja kwa Poland anali owerengeka. Pa 16 Okutobala 1978 Wojtyła anasankhidwa kukhala Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anadzayendera dziko lino mu Meyi 1989. Pompo sewero lija linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, mpaka anthu anakonza filimu yake. Mawu a m'sewerolo anali omwe aja a 1960. Chinasintha ndi dzina la pachikuto.

Mayi Doris Lessing, amene anakulira ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, anachita kuyesera dala. Ali kale mlembi wotchuka, analemba buku n'kulitumiza kwa osindikiza ndi dzina loti Jane Somers. Kampani ya Jonathan Cape, imene inkasindikiza mabuku ake nthawi zonse, inalikana! Kampani ina inalitulutsa mu 1983, koma silinayende malonda kwenikweni kufikira mayiyo ataulula chinsinsi chake mu 1984. Mayi yemweyo ndi amene anadzalandira mphotho ya Nobel mu 2007.

Apa wina atha kuthamangira kunena kuti basi, dzina lobisalira ndi lotsekereza mwayi. Dikirani pang'ono. Chimene chinavuta Jane Somers si kubisala ayi, koma kukhala mlendo pamsika. Amayi akapita pamsika wa Namitete kukagula nyemba za mbewu, amalunjika kwa wogulitsa amene anawagulitsapo zabwino chaka chatha. Dzina lake lenileni mwina salidziwa n'komwe, chimene amadziwa ndi chakuti nyemba zake zimamera. Owerenganso ndi chimodzimodzi. George Orwell, wolemba Animal Farm, dzina lake lenileni linali Eric Blair. Mongo Beti wa ku Cameroon anali Alexandre Biyidi. Anthu amenewa anasankha dzina, naligwiritsitsa buku ndi buku mpaka dziko lonse linalizolowera. Beti buku lake loyamba la mu 1954 analilemba ndi dzina linanso, Eza Boto, ndipo dzina limenelo lero amalikumbukira ndi ophunzira ochepa chabe, chifukwa mwini wake sanapitirize nalo.

Kwathu kuno nkhani ya dzina inali yoposa malonda a mabuku. Inali nkhani ya moyo ndi ndende. M'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1968, kunali bungwe la boma lounika zolembedwa, ndipo mlembi aliyense ankadziwa kuti dzina lake pa pepala likhoza kumuitanira apolisi. Jack Mapanje sanabise dzina lake, anabisa tanthauzo. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981, lodzaza ndi zining'a, kusinthasintha maonekedwe ngati bilimankhwe amene ali pamutu wa bukulo. Zining'azo sizinamupulumutse. Anamangidwa mu Seputembala 1987 nakhala kundende ya Mikuyu wosazengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Munthu anganene kuti akanabisa dzina sakanalowa m'mavuto amenewa, ndipo mwina n'zoona. Koma taonaninso mbali inayi: poti dzina lake linali lodziwika, alembi akuluakulu monga Wole Soyinka ndi Harold Pinter anali ndi munthu womufuulira, ndipo anafuuladi mpaka boma linatopa nalo phokoso. Dzina lomwe linamumangitsa ndi limenenso linathandiza kumumasula.

Phunziro lalikulu koposa tikulipeza mu 1992. Pa 8 Malichi, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino munawerengedwa kalata ya Aepiskopi yodzudzula umphawi, kusowa chilungamo ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Zimene inanena kalatayo sizinali zachilendo; anthu ankazinong'ona kale m'nyumba mwawo usiku. Chachilendo chinali kumapeto kwake, kumene kunali mayina enieni: Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Matthias Chimole a kuno ku Lilongwe, Monsinyo John Roche a ku Mzuzu, ndi anzawo. Boma linati kalatayo ndi youkira, Aepiskopi anaitanidwa kupolisi, nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo a Roche anathamangitsidwa m'dziko muno. M'miyezi yotsatira kunatuluka makalata ambirimbiri opanda dzina odzudzula boma, oyenda mobisa m'maofesi ndi m'misika, ndipo anthu ena anamangidwa chifukwa chopezeka nawo. Sitingawanyoze olemba makalata amenewo, pakuti mantha awo anali oona ndipo ntchito yawo inathandiza. Koma funsani agogo anu lero kuti ndi kalata iti imene inatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Adzakutchulirani imodzi yokha, ija yokhala ndi mayina.

Tsono anzanga amene mwayamba kulemba, m'maganizo mwanga nkhaniyi ili motere. Ngati manyazi ndi amene akukuletsani kutulutsa ndakatulo kapena nthano yanu, sankhani dzina lobisalira lero lomwe, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma sankhani limodzi, losaseketsa, loti mudzathe kulivomera muli ndi zaka 40, ndipo musamalisinthe teremu iliyonse ngati malaya. Zikakhala kuti cholemba chanu chikudzudzula munthu, kaya mnzanu wa m'kalasi, kaya kaputeni wa timu, pamenepo ikani dzina lanu lenileni kuti wodzudzulidwayo adziwe woti amuyankhe. Ndipo ngakhale mubise dzina kwa owerenga, mkonzi yekha alidziwe, chifukwa wina akadandaula ndi zimene mwalemba, woyamba kuitanidwa ku ofesi amakhala mkonziyo.