Pulopela sagula ndi maso, mphwanga

Mayi ako andiuza kuti ndalama zimene unavutikira ku Johannesburg wagulira boti lamatabwa ku Mangochi, la thanga limodzi ndi kainjini ka dizilo m'kati, ndipo kuti tsopano ukusaka pulopela. Anthu kuno ku Malosa akamandiona ndikupalira chimanga m'tsinde mwa phiri amayesa kuti madzi amene ndimawadziwa ndi a m'chitsime basi. Sadziwa kuti unyamata wanga unathera m'fungo la dizilo pakati pa Monkey Bay ndi Makanjira. Ndiye tchera khutu.

Ukaigwira pulopela, pukuta pachitsa pake. Upezapo manambala awiri odindidwa, mwina 13 x 9. Yoyambayo ndi kukula kwake m'mainchi, kuchokera nsonga ina kufika nsonga ina. Yachiwiriyo ndi kupendeka kwa mapiko, komwe amakaniko amati pitch: mtunda umene ikanayenda pozungulira kamodzi ikanakhala sikuluwu yolowa m'thabwa. Nambala yachiwiriyi ndiyo imapha mainjini. Ili ngati magiya a njinga. Funsa mnyamata aliyense wakabaza zimene zimachitikira maondo ake akati akwere msewu wa Ku Chawe pa giya yolemera, kumbuyo atanyamula thumba la makala.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Munthu wina padoko anandigulitsa pulopela yonyezimira, yopendeka mainchi awiri kuposa yakale, n'kundiuza kuti ndizithamanga kwambiri pa dizilo wochepa. Poyesa boti lili lopanda kanthu, linkauluka ndithu, ine n'kumadziguguda pachifuwa. Tsiku lina mu Julayi tinalongeza matumba a usipa wouma ndi anthu asanu, ndipo tili pakati mwera unadzuka. Ndinakankha mafuta mpaka kumapeto. Injini inangobuula, utsi wakuda bii, ngati chigayo chimene mwiniwake wachithirira chimanga mopitirira muyeso. Mutu wa boti unakana kuloza mafunde. Tinafika kumtunda usiku, injini yatentha, gasiketi yapsa, ndipo phindu la miyezi itatu linapita kwa makaniko.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma anthu amakuchita mwaulesi. Yamba wapala ndere kunsi kwa boti. Kenako longeza monga mmene uzidzalongezera masiku onse: anthu, mafuta, madzi, katundu. Sankha m'mawa nyanja ili bata, injini itenthe kaye, ndiye ukankhe mafuta onse kwa mphindi zingapo ukuyang'ana geji yowerenga kuzungulira kwa injini. Pachitsulo chokhomedwa pa injiniyo analembapo malire ake. Tiinjini tambiri ta Yanmar timalembedwa 3,600 pa mphindi. Singano ikafika pamenepo kapena kutsala pang'ono, pulopelayo ndi yako. Ikakakamira pa 3,000 utsi n'kuda, yalemera, ibweze. Ikafika pamalire msangamsanga, injini ikulira mopepuka koma boti likungokwawa, ndiye kuti yapepuka. Amakaniko amawerengera kuti inchi imodzi ya kupendeka imasintha kuzungulira ndi pafupifupi 200, choncho ukhoza kudziwiratu kuti uchotse kapena uwonjezere zingati.

Pali chinthu chimene wogulitsa mapulopela wa ku Durban sangakuuze. Mphamvu yolembedwa pa injini anaiyesera pafupi ndi nyanja yamchere. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita oposa 470, mpweya wake ndi wopepukirapo, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse. N'zochepa, koma zimakwana kusandutsa pulopela yoyenera kumeneko kukhala yolemera kuno. Ukamaitanitsa, utchulenso kukula kwa shafiti, kuchepetsa kwa giyabokosi, ndi mbali imene shafitiyo imazungulira. Ndinaonapo munthu atamanga pulopela yamanzere pa shafiti yamanja. Atalowetsa giya yakutsogolo, boti linabwerera n'kukagunda bwato la mnzake, doko lonse n'kufa nacho chiseko.

Za mapiko, usavutike mutu. Anthu a mipikisano ya matanga amakonda yamapiko awiri kapena yopindika yokha injini ikazima, chifukwa siikoka boti m'mbuyo poyenda ndi mphepo. Yopindikayo ndi yokwera mtengo, ndipo ikathyoka sudzapeza woikonza ku Mangochi. Iwe uzinyamula katundu, tenga yamapiko atatu. Kuno ku Malosa, kulikulu la dayosizi ya Anglican ya Upper Shire, dzina la Chauncy Maples si lachilendo. Bishopu ameneyu anamira m'nyanjayi mu 1895 boti lake la matanga litagubuduzika ndi namondwe, ndipo sitima imene amishoni anaiyandamitsa mu 1901 n'kuipatsa dzina lake inali ya injini. Injini ya m'boti la thanga imadikira tsiku limene thangalo ulitsitsa mwamantha. Pulopela usankhire tsiku limenelo.

Tsopano liwiro loyendera. Achinyamata mumalakwa pokankha mafuta mpaka kumapeto tsiku lonse. Ife akuluakulu timalakwa poumira. Boti lolemera lili ndi liwiro limene thupi lake limalola, kutengera kutalika kwa mbali imene yakhudza madzi. Ngati kutalikako ndi mamita 7.5, malire ali pafupi ndi makilomita 12 pa ola. Ukayandikira pamenepo matako a boti amamira, funde lakumbuyo limakula, ndipo dizilo aliyense wowonjezera umangogulira fundelo. Tembenuka uziyang'ana kumbuyo, madzi akuuza okha.

Koma kuyenda mwakachetechete tsiku ndi tsiku, ati kupulumutsa mafuta, n'kuipha injini pang'onopang'ono. Dizilo amafuna ntchito. Injini ikamangonong'ona siitentha mokwanira, mafuta sapsa onse, mwaye umamatirira m'kati, kenako imayamba kumwa oyilo ndi kutulutsa utsi wobiriwira. Malo abwino ali pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya malire aja. Pa injini ya 3,600, ndiye kuti pakati pa 2,500 ndi 2,900. M'kati mwa malo amenewo sakasaka pamene boti silinjenjemera, pamene kapu ya tiyi ikhazikika pathabwa osavina. Ukayenda maola angapo pang'onopang'ono, usanafike padoko ikankhe kwa mphindi zisanu kuti ilavule mwaye, kenako uisiye ilire yokha pang'ono izizire usanazimitse.

Ndamvanso kuti ukuganiza zodzalibweretsa ku Kachulu kuti uziwolotsa anthu opita ku Chisi. Iwalako. Chilwa ndi yosaya, matope ndi udzu zili paliponse, ndipo ndinaiona ndi maso anga itaphwa mu 1995. Pulopela ya pashafiti siikwezeka ngati ya injini yopachika kumbuyo. Ngakhale mu Shire, cha ku Liwonde, namasupuni akakulunga shafiti ndiye kuti wina avule malaya alowe pansi ndi mpeni, m'madzi a ng'ona.

Pulopela yakale ya pabotilo usagulitse kwa anthu ogula zitsulo, ngakhale ili yobenthuka. Ikulunge m'chiguduli pamodzi ndi nati yake, pini ndi sipanala yoyenera, uike pansi pa mpando wakumbuyo. Ukabwera pa Khirisimasi undibweretsere manambala a pa injini ndi pa giyabokosi olembedwa papepala, osati a m'mutu, tidzawerengere limodzi pakhonde. Utengenso chambo chowamba. Mayi ako akudandaula kuti matemba atopa nawo.