Kodi Misa ya M'chinyanja Ndi Misa Yeniyeni?

Abambo, mwana wanga wabwerako ku Joni atasintha. Akuti kumeneko amapemphera Misa ya Chilatini, ndipo yathuyi ya ng'oma ndi nthungululu si Misa konse. Lamulungu amatsala pakhomo. Chikundisowetsa tulo n'chakuti malemu bambo ake tinawachitira Misa yomweyi. Kodi idapita pachabe?

Mayi wa ku Mithete

Mayi, khazikani mtima pansi, Misa ya amuna anu idali Misa yeniyeni. Kuti Misa ikhale yoona pamafunika wansembe wodzozedwa, mkate wa tirigu, vinyo wa mphesa, mawu a Ambuye a pa Mgonero, ndi cholinga chochita zomwe Mpingo umachita. Chilankhulo sichili pamndandandawu. Yesu pa Mgonero sadalankhule Chilatini, ndipo akhristu oyamba a ku Roma ankapemphera m'Chigiriki.

Komabe mwanayo musamuyese wosokonezeka. Misa imene waikondayo ndi ya buku la Papa Pius V la 1570, yomwe agogo athu ankamva ku Boroma ndi ku seminale ya Zóbuè. Msonkhano wa Vatican wachiwiri (1962 mpaka 1965) udatsegulira zilankhulo za anthu khomo, kenako Papa Paul VI adakhazikitsa buku latsopano mu 1969. Ena adakana. Wodziwika kwambiri ndi Arkiepiskopi Marcel Lefebvre, Mfalansa amene adatumikira ku Dakar, yemwe mu 1988 adadzoza maepiskopi anayi Papa John Paul II atamuletsa.

Chodabwitsa n'chakuti otsutsawo sagwirizana okhaokha. Otsatira a Lefebvre amavomera kuti pa Misa yatsopano, ikachitidwa bwino, mkate umasandukadi Thupi la Khristu. Amangoti imafooketsa chikhulupiriro. Amene amati si Misa konse ndi kagulu kena, komwe kamanenanso kuti ku Roma kulibe Papa woona. Mufunseni mwanayo modekha ali mbali iti. Mwina iye mwini sadziwa.

Misa yakaleyo ndi yoona ndithu, ndipo ine ndimalemekeza bata lake, lomwe ife nthawi zina timalimiza ndi phokoso la makwaya ndi zolengeza zosatha. Papa Benedict XVI adaimasula mu 2007, Papa Francis n'kuibwezera m'manja mwa episkopi wa dayosizi mu 2021.

Musakangane naye pa nsima. Pitani naye kwa bambo mfumu wa parishi yanu, apite ndi mafunso ake onse.