Kodi Mzere wa Pensulo Ungayatse Babu?

Anzanga a Fomu 2, JCE ili pakhomo ndipo mutu wa magetsi sitingauzembe. Ambirife tinaloweza kuti zitsulo zokha ndizo zimadutsitsa magetsi. Apa mpamene malikisi amathawira. Kaboni si chitsulo, koma mtundu wina wa kaboni wotchedwa gilafaiti umadutsitsa magetsi, ndipo uli m'thumba mwanu pompano.

Chakuda cha m'kati mwa pensulo si mtovu ayi. Ndi gilafaiti wosakaniza ndi dongo. Pensulo ya 2B kapena 6B ili ndi gilafaiti wambiri kuposa ya HB, n'chifukwa chake imalemba moderapo.

Nanga magetsi amadutsa bwanji? Magetsi ndi kuyenda kwa maelekitironi. Mu waya wa kopa muli maelekitironi omasuka ambirimbiri. Mu gilafaiti, atomu iliyonse ya kaboni imagwirana ndi zinzake zitatu, ndipo elekitironi imodzi imatsala yomasuka. Dayamondi nayenso ndi kaboni, koma atomu iliyonse imagwirana ndi zinzake zinayi, osatsala yoyendayenda. Ndiye dayamondi, ndi kudula kwake konse, sadutsitsa magetsi.

Ine ndinayesa chonchi, inunso yesani:
1. Pezani mabatire atatu a tochi, mawaya awiri ndi kababu ka LED ka tochi yakutha.
2. Jambulani mzere wonenepa papepala ndi pensulo ya 2B, wotalika masentimita 2. Bwerezani mpaka uziwala.
3. Lumikizani mabatire, kababu ndi mzerewo kuti zipange njira imodzi yozungulira.
4. Phimbani ndi dzanja kuti pakhale mdima. Kababu kakapanda kuyaka, katembenuzeni miyendo, poti LED imalola magetsi mbali imodzi yokha.

Mudzaona kuwala pang'ono. Mukasendeza waya kuti mzere utalike, kuwala kumachepa. Mukafufuta pakati ndi labala, kamazima. Mzere wotuwa, wongodutsitsa pensulo kamodzi, nthawi zambiri suyatsa n'komwe.

Chifukwa chake n'chiyani? Ife a kuno ku Chiringa timadziwa kuwoloka mtsinje podumpha pamiyala nthawi ya dzinja. Miyala ikayandikana mumawoloka osanyowa. Umodzi ukakokoloka, mwaima pomwepo basi. Tizidutswa ta gilafaiti papepala ndiyo miyala ya maelekitironi. Tikakhudzana, njira yatseguka. Tikatalikirana, njira yaduka.

Mzere umenewu ndi chitsanzo cha kansalu kopyapyala kodutsitsa magetsi. Akatswiri amapanga topyapyala kwambiri, toyezedwa m'mananomita. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000! Ena amamwaza timibulu ta chitsulo monga kopa, siliva kapena nikelo m'kansalu ka kaboni. Timibulu tikakhala tochepa, magetsi amadutsa movutikira. Akamawonjezera, pamafika poti timibulu talumikizana kuchokera uku mpaka uko, ndipo magetsi amachuluka mwadzidzidzi. Posintha kuchuluka kwa chitsulo, amasankha okha mlingo wa magetsi odutsa.

Musaganize kuti ndi zakutali. Mukaona wailesi yotsegula kwa okonza mawailesi, muli tinthu tonga mpunga ta mizere yamitundumitundu. Amenewo ndi marezisita, ndipo ambiri ndi kamtengo ka dongo lowotcha kokutidwa ndi kansalu ka kaboni kapena ka chitsulo.

Mu 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku yunivesite ya Manchester anasenda gilafaiti ndi selotepi mpaka anapeza kansalu kokhuthala atomu imodzi yokha, kotchedwa graphene. Mu 2010 analandira mphotho ya Nobel. Selotepi yomweyi timamatira makopeyi! Gilafaiti alipo kuno ku Malawi, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Funso n'lakuti, tidzangokumba n'kugulitsa, kapena ena mwa ife tidzaphunzira kupanga naye zinthu?

Chenjezo: yesani ndi mabatire okha. Magetsi a ESCOM ndi mavoti 230, amapha. Osalowetsa pensulo kapena waya mu soketi, ngakhale mongoseweretsa.

Dziyeseni:
(a) N'chifukwa chiyani gilafaiti amadutsitsa magetsi koma dayamondi ayi?
(b) Pakati pa mzere wa HB ndi wa 6B, wofanana kutalika ndi kunenepa, ndi uti ungawalitse kababu kwambiri? Fotokozani.

Mayankho tikambirane pa buleki, pompano pa bolodi.