Cakudya ca M'mawa ku Lusaka ndi ku Chama

Mwina ena a inu munafikako ku Lusaka. Kumeneko ziriko nyumba zodyeramo, m'mene anthu akhala pa mipando namwa tiyi kapena khofi, nadya buledi ndi mazira. Ena safika m'mamawa ai. Ayembekeza dzuwa likwere, ndipo adya kamodzi cakudya ca m'mawa ndi ca masana. Pa Cingerezi acicha brunch.

Kodi cimeneci ncacilendo? Iai. Kwathu kuno ku Chama, m'cigwa ca Luangwa, mlimi alawira ku munda wa mpunga kusanatenthe, osalawa kanthu. Dzuwa litakwera, mkazi wace amtengera mbatata kapena mkute, nadyera pa mthunzi. Kusiyana kwace nkwakuti iye wayamba watuluka thukuta, ndiponso salipira ndalama.

Koma mwana wa sukulu sangathe kutero. Belu likalira, ndani adzamtengera mbatata m'kalasi? Ine ndaona ambiri alikuodzera pa nthawi ya masamu, osati cifukwa ca ulesi, koma njala. Winayo wadya phala la mpunga lothira nsinjiro, dzanja lace liri m'mwamba.

Nanga inu mwadyanji lero musanabwere?