Foni yatha moto ku Manchester: mmene mungasankhire chingwe ndi mutu wa tchaja

Amene tinagwirapo Nokia timakumbukira funso lija lofunsa ukangofika pakhomo la mnzako: "Muli ndi ya pini yaing'ono kapena yaikulu?" Funsolo likadalipo, angosintha ndi mayina. Kuno ku Manchester, Leeds, Bradford, Sheffield ndi Liverpool, komwe Amalawi ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, foni ikazima zambiri zimaima. Ndandanda ya mashifiti ili momwemo, tikiti ya basi ili momwemo, ndipo kuyambira pamene makhadi a BRP anatha mphamvu pa 31 Disembala 2024, ngakhale chilolezo chokhalira m'dziko muno timachionetsa pa intaneti. Tchaja ili ndi zinthu zitatu, mutu wolowa pakhoma ndi nsonga ziwiri za chingwe, ndipo chilichonse muyenera kuchiyang'ana pachokha musanatulutse ndalama.

Choyamba, tembenuzani foni muone kabowo kake. Masiku ano mupeza kamodzi mwa timabowo titatu.

Ngati kabowoko n'kakang'ono, kotakata mbali imodzi n'kuchepa mbali inayo, ndi Micro-USB, imene inayamba mu 2007. Ndi ija imalowa mbali imodzi yokha, yomwe mumdima umaitembenuza katatu isanavomere. Mafoni ambiri otsika mtengo a Itel ndi Tecno amene tinabwera nawo kuchokera kumudzi amagwiritsa ntchito imeneyi. Musaikakamize, chifukwa kalilime ka m'kati mwa foni kakathyoka, muwononga ndalama zoposa mtengo wa chingwe.

Ngati muli ndi iPhone kuyambira iPhone 5 ya 2012 kufika iPhone 14, yanu ndi Lightning. Nsonga yake ndi kachitsulo kophwatalala kokhala ndi timizere tooneka ngati golide mbali zonse, ndipo imagwira pa zipangizo za Apple zokha.

Ngati kabowoko n'kotalikirako, kozungulira m'mbali zonse ziwiri mofanana, ndi USB-C, yomwe ambiri amangoti Type C. Inakhazikitsidwa mu 2014, imalowa mbali iliyonse, ndipo pafupifupi mafoni onse atsopano a Samsung, Google ndi Motorola ali nayo. Apple nayo inasamukira komweku ndi iPhone 15 mu Seputembala 2023. Lamulo la mayiko a European Union likuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko azikhala ndi USB-C. Dziko la UK linatuluka m'bungweli, koma makampani sapanga foni ina ya Paris ndi ina ya Newcastle, choncho masitolo akuno adzaza ndi zomwezo.

Chachiwiri, onani nsonga inayo, yolowa m'mutu. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Ina imakhala yaikulu yamakona anayi, ngati ya fulashi: imeneyo ndi USB-A. Ina imakhala USB-C. Pabokosi amalemba nsonga zonse ziwiri, mwachitsanzo USB-C to Lightning kapena USB-A to USB-C, ndiye werengani zonse. Ine ndimalangiza kukhala ndi zingwe ziwiri. Cha USB-C mbali ya mutu chikhale kunyumba chifukwa ndi chomwe chimatchaja mwachangu. Cha USB-A chikhale m'chikwama, chifukwa timabowo tambiri tapamipando ya mabasi, monga achikasu aja a Bee Network ku Manchester, ndi m'masitima odutsa pakati pa Liverpool ndi Leeds tikadali ta mtundu wakalewu. Timatchaja pang'onopang'ono, koma kwa munthu wochokera ku shifiti ya usiku batire ili pa 4 peresenti, n'chimodzimodzi kupeza chitsime m'chilimwe.

Chachitatu, mutu. Apple inaleka kuika mutu m'bokosi mu 2020 ndi iPhone 12, Samsung n'kutsatira mu 2021 ndi Galaxy S21, choncho mukagula foni yatsopano, mutu mukagula padera. Yang'anani nambala yokhala ndi W, yomwe imasonyeza mphamvu. Mitu yakale ija ndi ya 5W, imadzaza foni ngati mpopi wodontha. Wa 20W wokhala ndi zilembo PD umafikitsa iPhone pafupifupi theka m'mphindi 30. Mafoni ambiri a Samsung amafuna 25W, ena 45W, ndipo kuti afike pa liwiro limenelo mutuwo ukhalenso ndi zilembo PPS. Musaope kuti mutu wa 65W uwotcha foni: foni ndi mutu zimayamba zagwirizana, foni n'kutenga moto wokwanira iyo yokha.

Chingwe nachonso chili ndi malire, ndipo apa m'pamene maonekedwe amanamiza. Zingwe ziwiri za USB-C zitha kufanana ngati mapasa koma osagwira ntchito mofanana. Chingwe wamba chimanyamula mpaka 60W, zomwe zimakwanira mafoni ambiri. Cha laputopu yaikulu chikhale cholembedwa 100W kapena 240W, kapena 5A; choterechi chimakhala ndi kachipangizo m'nsonga kouza mutu kuti chingathe kunyamula moto wochuluka. Ngakhale mafoni ena a Samsung a 45W amafuna cha 5A kuti afike pamapeto pa liwiro lawo. Palinso tizingwe tina totchipa tongopereka moto, tosatha kusamutsa zithunzi kupita pa kompyuta.

Chachinayi, komwe mukugula. Chingwe chabodza nthawi zambiri chimangokusowetsani mtendere, koma mutu wabodza umapha, chifukwa ndi umene umaima pakati pa magetsi a 230V ndi dzanja lanu. Mu 2016 akuluakulu a Trading Standards analengeza zotsatira za kuyesa matchaja 400 abodza okhala ndi dzina la Apple, ndipo atatu okha ndi amene anali otetezeka mokwanira. Msewu wa Bury New Road, chakumtunda kwa Strangeways kulowera Cheetham Hill, unatchuka zaka zambiri ndi katundu wafeki mpaka apolisi a Greater Manchester anayambitsa Operation Vulcan mu 2022 n'kutseka mashopu ambirimbiri. Malonda amtunduwu sanathe, ambiri anangosamukira pa intaneti.

Gulani ku Argos, Currys, Tesco, Asda kapena kusitolo ya kampani yopanga foniyo. Mukakonda msika, monga Kirkgate Market ku Leeds, tengani mutuwo m'manja muuyang'ane. Pakhale dzina la wopanga, nambala ya mtundu wake, ndi chizindikiro cha UKCA kapena CE, ngakhale kuti zizindikirozi akuba amazikoperanso. Bungwe la Electrical Safety First limalangiza kuti kuchokera pa pini kufika m'mphepete mwa mutu pakhale mamilimita osachepera 9.5, pafupifupi kunenepa kwa bolopeni, kuti chala chisakhudze chitsulo pozula. Mutu wopepuka ngati chikoko cha mtedza, kapena wolowa movutikira m'soketi, usiyeni. Pa chingwe cha Lightning funani mawu akuti Made for iPhone. Lisiti musataye: lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakulolani kubweza katundu wowonongeka pasanathe masiku 30 n'kulandira ndalama zanu zonse.

Chachisanu, foni ikakana kulowa moto musathamangire kusitolo. Izimitseni, mutenge kamtengo kotokosera m'mano, osati singano, muchotse pang'onopang'ono ulusi wa m'thumba umene umaunjikana m'kabowo. Mvula yakunoyi nayo imalowa paliponse. Foni ikachenjeza kuti muli chinyezi, isiyeni iume yokha. Kenako yesani chingwe china, kenako mutu wina, chimodzi panthawi, kuti mudziwe cholakwa. Chingwe chong'ambika pakhosi musachikulunge tepi, kachisiyeni kumalo a khonsolo olandirira zipangizo zamagetsi zakutha. Ndipo ngakhale kuzizire bwanji, foni yomwe ili pa tchaja isagone pansi pa pilo kapena m'bulangete.

Pomaliza, zotumiza kumudzi. Tili ndi mwayi: pulagi ya mapini atatu amakona yakuno ndi yomweyo ya ku Malawi, ndipo magetsi a ESCOM nawo ndi 230V. Mutu wogula ku Meadowhall ukalowa m'soketi ya ku Ndirande popanda adaputa, pomwe wochokera ku Johannesburg, wa mapini ozungulira, umafuna adaputa. Pawabanki, imene kwathu imathandiza magetsi akazima, inyamuleni m'chikwama cholowa nacho m'ndege; m'masutikesi opita pansi siloledwa. Musanagule zingwe khumi za Type C zogawira abale, auzeni ajambule kabowo ka foni iliyonse akutumizireni pa WhatsApp. Kafoni kamabatani kamene agogo amalandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba mwina kakadali ka Micro-USB, ndiye muikemonso ziwiri za mtundu umenewo.