KUYEREKEZA MANAMBALA A MADESIMALI: PHUNZIRO LA MPATA WOLOLEDWA

Chiyambi

Ife amene tiphunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta timakumana ndi funso ili: chifukwa ninji makina akaphatikiza 0.1 ndi 0.2 amapereka 0.30000000000000004 m'malo mwa 0.3? Funsoli nlofunika, pakuti mwana amene walemba pulogalamu yolondola akhoza kuichongedwa yolakwa ngati woyesa afuna kuti mayankho afanane ndendende.

Gwero la vuto

Tikagaŵa 1 ndi 3 pabolodi tipeza 0.333..., ndipo sitifika pamapeto. Tiyenera kudula penapake. Kompyuta iŵerenga ndi 0 ndi 1 basi, ndipo m'kaŵerengedwe kameneka 0.1 ndi nambala yosatha. Choncho makina amaidula, motsata lamulo la IEEE 754 la mu 1985. Chotayikacho nchaching'ono, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Pa 25 February 1991, ku Dhahran, chida cha Patriot chidalephera kutchinga mzinga chifukwa wotchi yake idasokera ndi masekondi 0.34 itayenda maola pafupifupi 100. Asilikali 28 adafa.

Njira yophunzitsira

1. Tigaŵe ana m'magulu, ayeze utali wa kalasi ndi tepi. Ena apeza mamita 8.00, ena 8.02, ena 7.99. Tifunse: walakwa ndani? Anawo agwirizane okha mpata wololedwa, monga masentimita 3.

2. Tilembe mindandanda iŵiri ya manambala: mayankho oyembekezeka ndi mayankho a pulogalamu. Poyamba ana aone ngati mindandandayo ili ndi manambala ochuluka mofanana. Kenaka ayerekeze aŵiriaŵiri, woyamba ndi woyamba, wachiŵiri ndi wachiŵiri. Nambala imodzi ikapyola mpata, mndandanda wonse walephera.

3. Titenge chitsanzo cha pamsika wa Songani. Kupereŵera kwa magalamu 100 pathumba la mpunga la makilogalamu 50 sikudandaulitsa wogula, koma magalamu 100 omwewo pa theka la kilogalamu ndi mlandu. Tsono ana azindikira kuti mpata uyenera kulingana ndi kukula kwa chinthu choyezedwacho.

4. Koma mpata woterewu ulephera tikafika pa ziro. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Ngati kuya koyembekezeka ndi mamita 0, gawo lililonse la ziro ndi ziro basi, ndipo yankho la 0.0000001 lidzakanidwa popanda chifukwa. Apa pafunika mpata wokhazikika, monga milimita imodzi.

Pakompyuta

M'chiyankhulo cha Python, math.isclose, imene idayamba mu 2015, iyerekeza manambala aŵiri, ndipo numpy.allclose iyerekeza mindandanda yathunthu pogwiritsa mipata yonse iŵiri. Sukulu yopanda kompyuta isadandaule. Bolodi ndi tepi zikwanira pa masitepe anayiŵa.

Chenjezo

Mpata wopapatiza ukana ntchito yabwino. Mpata wotakata ubisa cholakwa chenicheni. Nchifukwa chake mpata usankhidwe mayeso asanayambe, ndipo mwana anene chifukwa chimene wausankhira. Kukulitsa mpata pambuyo pake kuti yankho lipose nkudzinyenga.

Ntchito ya ana

Yerekezani 2.50, 10.00, 0.00 ndi 2.51, 10.04, 0.02. Mpata wolingana ndi kukula ukhale gawo limodzi mwa 100. Ndi nambala iti imene ilephera? Musinthe chiyani kuti chiweruzo chikhale cholungama?